Mwana wa a Bester Amafukula Mafupa

Tsiku lomwe Atikonda analephera kachiwiri mayeso a unamwino, bambo ake, a Bester, anamuikira chikwama pakhomo la nyumba yawo ku Greenbelt, kuno ku America.

Chinawapsetsa mtima si kulepherako ayi. Mtsikanayu anali atanena poyera kuti mtima wake uli pa mafupa a nyama zakale. Kutchalitchi nkhaniyo inafika itapotoka. Amayi ena, aja pakamwa pawo sipapuma ngakhale Lamulungu, ankanong'onezana kuti mwana wa a Bester amafukula mafupa. Nanga kwathu ofukula mafupa timawatcha ndani?

"Ndakhala ndikusambitsa nkhalamba zaka zonsezi kuti iwe undichititse manyazi?" anatero a Bester. "Usadzapondenso pano."

"Ndidzabwera ndikadzakhala munthu," anayankha Atikonda.

Anakagona pa sofa ya mnzake. M'mawa ankasamalira odwala, masana n'kuthamangira ku yunivesite ku Fairfax. Anasankha kuphunzira za silofu zapansi: zimphona zoyenda mwaulesi, zazikhadabo zazitali, zina zazikulu ngati njovu, zomwe zinatha pamene dziko linkatuluka m'nyengo ya chisanu chachikulu. Analondola konse komwe zinkakhala, m'nkhalango za kuno kum'mawa, m'mapanga a m'chipululu, ku Alaska kozizira kuja, mpaka kumathero a South America. Nyama yaulesi, koma inafika kutali. Iyenso anayenda chomwecho, pang'onopang'ono, mpaka anavala gauni n'kuyamba kuphunzitsa ena.

Zaka zonsezo amayi ake ankaimba foni. "Adadi ako akumakufunsatu."

"Ndimalize kaye," ankatero iye. Apa mpamene pamandiwawa ine.

Atamaliza, ananyamula mapu ake a komwe nyamazo zinkakhala kukaonetsa bambo ake. Anapeza a Bester ali m'nyumba yosamalira okalamba ku Upper Marlboro, mutu utayamba kuiwala. Anawayalira mapuwo pamiyendo, n'kuloza phanga la ku West Virginia komwe kunapezeka zikhadabo za nyamazo.

"Pafupi pompa?" anadabwa mkuluyo. Kenako anamuyang'ana mwaulemu. "Anesi, mwana wanga amakonda zimenezi. Ndinamuthamangitsa chifukwa chomvera anthu. Mukamuona, mumuuze abwere."

"Ndimuuza," anatero Atikonda, misozi ili mbwembwembwe.

Inu amene zikukuvutani lero, osataya mtima, woyenda pang'onopang'ono amafika ndithu. Koma ngati kwanu akukufunsani, musadikire gauni. Pitani akadali kukudziwani.