Dzenje la pa Aleluya

Mkati mwa sabata ndi telala wamba, wokhala pakhonde la sitolo ya nsalu, phazi lili pa makina, choko chili kukhutu. Lamulungu likafika amasanduka munthu wina. Amavala jekete n'kukhala kumbuyo kwa kibodi ya kutchalitchi, ndipo ngakhale akuluakulu a mpingo amamutchula kuti Aphunzitsi. Kusukulu ya nyimbo sanapondeko. Ulemu wonsewo unabwera ndi nyimbo imodzi yokha, imene kwaya imaimba mkwatibwi akamalowa. Anthu amati nyimboyo inatsika kumwamba, chifukwa mwini wake anawauza kuti anailota.

Sanailote ayi. Bodzalo linangomupulumuka tsiku lina abusa atamufunsa modzidzimutsa, ndipo poti anthu analikonda, kulibweza kunamuvuta.

Nyimboyo ndi ya gemu. Ali mwana, amalume ake anabweretsa kabokosi kotuwa kolumikiza ku tivi, ndi kaseti imodzi yomwe inkakana kuyamba mpaka uiuzire kaye mpweya. Mu gemumo munali kamunthu kothamanga m'phanga, kamalumpha maenje. Iye ndi mng'ono wake ankakhala pa simenti, n'kumalandirana kachipangizo ka mabatani kamodzi komweko. Kenako tivi inadwala. Chithunzi chinathawa, kunangotsala mawu, ndipo bambo awo anati zokonzetsa aiwale. Ana anzeru akanapita kukasewera mpira, koma awiriwa anapitiriza, maso ali pa galasi lakuda bii, akutsatira nyimbo. Ikayamba kukwera ankadziwa kuti dzenje layandikira. Khutu lakuthwa linali la mng'onoyo. Ankagwira mkulu wake paphewa n'kunong'ona kuti, "Pano." Mkuluyo akachedwa kudina, kamunthu kankagwa ndi kakulira koseketsa, onse awiri n'kugubuduka ndi phwete.

Atakula anasiyana. Mng'onoyo anapita kutali kukayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu, mafoni anayamba kuchepa, mpaka anafika pomangomvana kukagwa maliro. Sanayambane, anangozolowera kusafunana. Chimene sichinachoke ndi nyimbo ija. Telala ankaiimba chamumtima akupalasa makina, ikumukumbutsa kuzizira kwa simenti ija ndi fungo la tivi ikatentha. Tsiku lina akuyeserera kibodi anaichedwetsa, n'kuiika mawu otamanda Mulungu. Pamene inkakwera chifukwa cha dzenje lalikulu anaikapo aleluya.

Pa ukwati wa mwana wamkazi wa telalayo, mng'ono uja anabwera, atanenepa, imvi zili mbuu. Telala anali atasoka yekha diresi la mkwatibwi, ataganizira za mipando, za magalimoto, za alendo ogona, koma za nyimbo sizinamubwerere m'mutu. Anadzakumbukira zala zili kale pa kibodi, chitseko chatseguka, kwaya yaimirira. Kusiya sikukanatheka. Analiza nyimboyo nkhope ili pansi, thukuta lili kamukamu m'jekete. Atafika pa aleluya anaponya diso pamzere wachiwiri. Mng'ono wake anali duu, osaseka, koma chala chake chachikulu chinadina bondo pa nthawi yake yeniyeni.

Manyazi amene anamugwira telala, pansi pakanang'ambika bwenzi atalowa.

Ku holo, anthu atadya, abusa anatenga maikolofoni.

"Alendo athu sakudziwa mbiri ya nyimbo ija," anatero. "Aphunzitsi, tabwerani muwafotokozere za loto lija."

Akuchimuna anali pamipando ya kutsogolo, atatchera khutu. Mkwatibwi ankamwetulira monyadira bambo ake. Kunena zoona kunali kuuza holo yonse kuti mwanayo walowa m'tchalitchi ndi nyimbo ya kamunthu kolumpha maenje, ndiponso kuti amayi a kwaya akhala akugwetsa misozi chifukwa cha gemu. Telala anayang'ana mwana wake, n'kusankha loto. Anati anali yekha pamalo amdima, sakuona kanthu, ndipo nyimbo inabwera kudzamutsogolera. Anthu anawomba m'manja. Mng'ono wake nayenso anawomba, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mbama.

Anazembera kuseri kwa holo, pa mpopi, n'kuyamba kusamba m'manja momwe munalibe litsiro. Mng'ono wake anamupeza pomwepo.

"Mwailiza bwino, achimwene," anatero. "Kungoti mwaichedwetsa. Liwiro limenelo, kamunthu kaja sikakanawoloka."

"Usandiseke, iwe," anayankha telala, osadzutsa mutu. "Ndikudziwa kuti ndinalakwa. Ngati ukufuna kukawauza abusa, kawauze."

"Ndikawauze chiyani? Kuti anthu asiye kuimba nyimbo yabwino? Inenso ndimaiimba ndikakhala ndekha pamsewu. Nditaimva m'tchalitchi muja mtima unangoti myaa. Ndinati, kani achimwene amakumbukabe."

Telala anapuma, akuganiza kuti wapulumuka. Anatseka mpopi n'kupukuta manja pa thalauza.

"Chandivuta n'chimodzi," anapitiriza mng'onoyo, mawu ali pansi. "Mumdima muja simunali nokha. Ndinali pomwepo, dzanja lili paphewa panu. Maenje onse aja ndinkakuuzani ndine. M'loto lanulo mwandisiya kuti?"

 Nkhani ija telala anali ataifotokoza kambirimbiri, ndipo sanazindikirepo kuti munthu wachiwiri anamuchotsamo. Mkati mwa holo amayi a kwaya ankaitana Aphunzitsi kuti adzailizenso nyimbo ija, alendo aikonda. Mng'ono wake anamuwongolera kolala ya jekete, n'kumupatsa njira kuti adutse.