Moni wa Dzanja Lamanzere

Ndikulengeza kwa mtundu wonse wa Tete, kuyambira ku Matema mpaka ku Matundo, kuti lero mwana wanga Zito wavekedwa kansalu ka m'khosi, tsopano ndi esikuteiro weniweni, membala wa gulu la ana la masikauti. Bambo, mukadakhala moyo mukadaitanitsa kafukufuku. Ndakumbukira tsiku limene ine ndinavekedwa kanga. Munafika pamwambopo muli kale ndi mafunso: ana kugona kutchire, kuguba, kulumbira atakweza zala zitatu, kodi si usilikali wolowera kukhomo lakumbuyo umenewu? Kenako mtsogoleri wathu, Shefi Armando, anakupatsani moni ndi dzanja lamanzere, monga mwa mwambo wa gululo. Inu manja kumbuyo. "Achimwene, kwathu ku Angonia lamanzere sitipatsira moni ngakhale wakuba. Lamanjalo mwabisamo chiyani?" Makolo anaseka, anzanga anaseka. Mu chapa, kaminibasi kobwerera kunyumba, tikuwoloka mlatho, ndinakuuzani kuti musadzabwerenso kudzandichititsa manyazi.

Simunabwerenso. Inu amene munkatsutsana ngakhale ndi wailesi, apa pokha munamvera. Zaka zisanu ndi chimodzi, mwambo uliwonse ndinkasuzumira pa benchi ya makolo, ndipo mpaka munamwalira sindinakuuzeni kuti ndinkafuna mubwere.