Kabuleta wa a Delbert Hruska

A Delbert Hruska anagwira ntchito pa fakitale ya magalasi mumzinda wa Toledo zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma mukanawafunsa za moyo wawo, za magalasizo sakanazitchula n'komwe. Akanakukokerani m'galaja n'kuvundukula chinsalu. Pansi pake panali galimoto ya 1969, yobiriwira, ya zitseko ziwiri, yokhala ndi chiinjini cha masilinda asanu ndi atatu. Anaigula asanakwatire. Anthu a mumsewu wawo ankaidziwa ndi makutu okha. Amene anaionapo ikuyenda anali ochepa, ndipo ena mwa iwo anali atamwalira kale.

Loweruka lililonse chitseko cha galaja chikangokwera, anzawo awiri opuma pantchito, a Merle ndi a Vern, ankatulukira ndi khofi ndi madonasi. Ankaima mozungulira boneti, dzanja limodzi lili ndi kapu, linalo m'thumba. La m'thumbalo silinkatuluka. Kumeneko injini ya mnzako ukhoza kuiseka, kuinyoza, kuitukwana mmene ungafunire, koma kuigwira mwini wake asanakulole, ayi. Umenewo ndi mwano woti anthu amalekera nawo kupatsana moni.

Kwa a Delbert, matenda onse a galimoto ankachokera malo amodzi: mu kabuleta, mosakanikira petulo ndi mpweya. Injini ikatsokomola, kabuleta. Ikanjenjemera, kabuleta. Tsiku lina tayala linaphwa, ndipo a Vern amalumbira mpaka lero kuti anaona a Delbert akumuyang'ana kabuletayo mokayikira. Ankamumasula, n'kuyala tizitsulo take m'chiwaya chimene akazi awo, a Marlene, ankaphikiramo keke. Pakhomo pamenepo ngakhale keke wa Khirisimasi ankanunkhako petulo.

Chinanso chimene ankanyadira chinali khutu lawo. Taimingi, yomwe ndi nthawi imene moto uyenera kuthetheka m'mapulagi, anthu amaiyeza ndi nyali yake. A Delbert ankati zimenezo n'za ana asukulu. Ankamasula boti la disitibyuta, yogawa motoyo, n'kumaipotoza pang'onopang'ono atatsinzina, kuutsogoza moto mpaka injini itabangula ngati chilombo. Ikatero ankamanga boti, n'kucheukira anzawo.

"Mwamva, amwene?"

"Tamva," a Merle ankatero. "Nawonso a kutsidya kwa malire, ku Michigan, amva."

Banjali linali ndi mwana mmodzi, Darla. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake anamulonjeza kuti pa tsiku la ukwati wake adzapita kutchalitchi pa galimoto imeneyi. Lonjezolo ankalibwereza chaka ndi chaka, makamaka pakakhala alendo. Atapeza mwamuna, ukwati n'kuikidwa mu Juni, Darla anawakhazika pansi.

"Adadi, za galimotozo zikakanika palibe mlandu. Ine chimene ndikufuna n'choti mundigwire mkono polowa m'tchalitchi mpaka kutsogolo. Basi."

"Zikanike?" a Delbert anaseka. "Iwe, yanga ija?"

Kutatsala masabata atatu, mlamu wawo Wanda, mng'ono wa a Marlene, anadutsira kugalajako. Wanda anali atakonza mabasi a sukulu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anaima pakhomo, manja kumbuyo monga mwa lamulo, n'kumvetsera.

"Alamu, motowu mwautsogoza kwambiri."

"Ikulira bwanji apa? Tamverani!"

"Ikulira bwino chifukwa ndi yozizira, ndiponso yangoima. Muiyendetse itenthe, muizimitse, ndiye muyese kuiliza. Idzakukanirani ngati bulu."

A Delbert anapukuta m'manja, n'kutsinzinira diso a Vern. "Mlamu, iyi si basi ya ana. Iyi ndi galimoto."

"Basi yanga imafika kusukulu tsiku ndi tsiku," anatero Wanda. "Yanuyi inafika kuti?"

A Merle anatsamwa ndi donasi. Wanda atachoka, a Delbert anamasulanso boti lija n'kuwonjezera moto pang'ono, kuti mlamu adziwe mwini galimoto.

Tsiku la ukwati linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Mwambo unali wa 2 koloko, ndipo mkwatibwi ankavalira kunyumba kwa Wanda, kutsidya kwa tauni. Galimoto inalira kamodzin'kamodzi. A Delbert, ali mu suti yobwereka kushopu, anaitulutsa monyada, a Merle ndi a Vern akutsatira pa galimoto yawo. Njira yachidule inalipo, koma anazungulira kumsewu waukulu kuti anthu aone. Pokwera mlatho injini inayamba kuchita ngati muli timiyala m'chitini. Iwo anangokweza wailesi.

Anafika kwa Wanda, anazimitsa, n'kutsika kukapukuta kafumbi pa boneti. Patapita kanthawi Darla anatuluka atavala zoyera, amayi ake atanyamula mchira wa diresi. Anamulowetsa bwinobwino, chitseko n'kutseka. A Delbert anapotoza kiyi.

Injini inabuula kamodzi, ngati munthu wodzutsa thumba lomulemera, n'kukhala chete. Anayesanso. Inabuulanso, n'kusiya.

Wanda anayandikira pawindo, ali mu diresi lapinki ndi nsapato zazitali. Analankhula motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Alamu, sipanala ili m'chikwamamu. Ndiloleni ndibweze moto pang'ono. Mphindi ziwiri, tinyamuka."

Panangofunika mawu amodzi. A Delbert anayang'ana pagalasi: a Merle ndi a Vern anali ataima pakapinga, manja m'matumba, akudikira kuti aone. Anthu amenewa anali atamva za khutu la a Delbert zaka zonsezi.

"Ndi kabuleta," anatero, akuvula jekete.

Anatsegula boneti, anachotsa chivundikiro, anapopa petulo ndi chala mpaka fungo linafika kwa aneba. Tizitsulo tinayamba kuyalidwa pampango wa m'thumba. Thukuta linatsika m'khosi, malaya oyera n'kuchita mawanga. Mkati mwa galimoto, mmene munalibe chilichonse choziziritsa, maluwa a mkwatibwi anayamba kufota.

"Bambo a Darla," a Marlene anatero, "nthawi yatha. Abusa akudikira."

"Ndikudziwa nthawi, mayi."

Darla anatsitsa windo. "Adadi, chonde, auzeni amayi aang'ono agwire."

"Mphindi zisanu, mwana wanga."

Zisanuzo zinatha, zina zisanu n'kuthanso. A Vern anayang'ana wotchi, anakhosomola, n'kunena kuti akatsogole akasunge malo. A Merle anawatsatira osatsanzika. Ndipo Darla anatsegula yekha chitseko, anasonkhanitsa diresi lake m'manja, n'kuoloka kapinga kupita ku pikapu ya Wanda, ya dzimbiri m'mbali. Atakwera anasuzumira.

"Tiyeni, adadi. Malo alipo. Isiyeni, tidzaitenga mawa."

A Delbert anayang'ana mwana wawo, anayang'ana kabuleta ali yasa, tizitsulo tili padzuwa. Kumusiya chonchi pamsewu, fumbi likulowa?

"Tsogolani, ndikupezani. Sangayambe ine kulibe."

Anayamba. Abusa anali ndi ukwati wina 4 koloko, ndipo anadikira mphindi makumi awiri zokha. Darla analowa m'tchalitchi atagwira mkono wa amayi ake.

Nthawi imeneyo a Delbert anali okha pamsewu wa kwa Wanda, akubwezera tizitsulo m'malo mwake momwe anatichotsera, osasintha kanthu. Ola linadutsa, mthunzi wa mtengo unafika pa boneti, injini inazizira. Atapotoza kiyi inabangula ngati sinalakwepo chilichonse. Anamenya chiwongolero ndi chimwemwe, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti apeze mboni. Panali galu yekha.

Pofika kutchalitchi anapeza anthu atatuluka kale, akuima pamasitepe kuti ajambulidwe. Anaimika pafupi penipeni, n'kuponda mafuta kawiri kuti onse acheuke. Anacheukadi. Darla anatsika masitepe, mwamuna wake atatsalira m'mwamba, n'kufika pawindo. Maso anali ofiira, koma mawu anali osalala.

"Yalira, mwana wanga!" a Delbert anakuwa. "Ukuimva?"

"Ndikuimva, adadi. Zimitsani mubwere. Chatsala ndi chithunzi cha banja."

Dzanja lawo linapita pa kiyi, n'kuima pomwepo. Injini inali itatenthanso. Pamasitepe paja panali a Merle, a Vern, Wanda ndi mpingo wonse, ndipo pakutha pa zithunzi onsewo akanaima kuonerera a Delbert akuiliza kuti apite kumadyerero. Anachotsa dzanja pa kiyi.

"Auze ajambule msanga," anatero. "Ndikhala momwemuno, ndionekabe kumbuyoku."

Darla anawayang'ana kanthawi, n'kubwerera. Wojambula anakweza mawu kuti amveke pamwamba pa phokosolo, anasendeza anthu kumanzere, kumanzerenso, mpaka galimoto inatuluka m'chithunzi.