Njere Khumi za Mtedza ku Nsaru

Tandiyankhani, inu ophunzira: ndi mbala yanji imene imalowa osathyola chitseko, n'kukuberani amayi anu, koma n'kukusiyirani thupi lawo kuti muzilisambitsa? Mwalephera, eti? Ifenso ku Nambuma tinalephera, ndipo kulephera kwathu kunapweteka munthu.

Akulu anga, a Magdalena, anayamba ndi kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Kenako tinawapeza kumanda m'mawa, khasu lili m'manja, akuti akupalira munda wawo. Mudzi wonse unati kwawachera akutamba. Alongo athu a Dominic, eni mbumba, analamula kuti tiwamangirire pamtengo wa mango. Chingwe ndinabweretsa ndine, cha mbuzi yanga. Ndine wa nthabwala ine, koma apa pokha nthabwala ndilibe.

Mwana wa a Magdalena, Esinati, anali Folomu 2. Anasiya sukulu, anamasula chingwecho, n'kuyamba kuwasamala yekha. Kumjigo anthu ankasuntha zidebe akamuona. Tsiku lililonse amayi akewo ankamufunsa mwaulemu kuti, "Kodi ndinu mwana wa yani, mayi?" Zaka zisanu ndi chimodzi! Anatisiya asanamuzindikire.

Titaika maliro, Esinati anabwerera pabenchi, kukakhala ndi tiana timene anatiberekapo kumsana. Mayeso a Folomu 4 anamugwetsa, iye anadzuka n'kubwereza. Lero ndi mlangizi wa zaumoyo. Kumaphunziroko ndi kumene anamva kuti mbala ija ndi matenda a mu ubongo, oiwalitsa. Anangobwera n'kukhala pakhonde panga.

"Amayi aang'ono, amayi aja ankadwala."



Chaka chatha kunabwera anthu a kafukufuku ku Nsaru. Anaitana ife amene tinakhalapo ndi odwala otere, kuti tinene chimene dziko liyambe kufufuza pa matendawa. Funso lililonse linali ndi mbale yake, ndipo aliyense anamupatsa njere khumi za mtedza zoti aponye m'mbale imene waikonda. Funso lopambana ndi limene linayenera kupita ku likulu.

La Esinati linali lakuti: anthu a kumudzi angawazindikire bwanji matendawa msanga, asanamutche munthu mfiti? Analankhula pang'ono.

A Dominic anati zimenezo n'zachibwana, afufuze mizu imene iwo amamwa. Anati mutu wawo suiwala kanthu, ngakhale tsiku limene anasiya kuyamwa amalikumbukira. Analalikira mpaka mthunzi unasuntha, dzanja likungolowa ndi kutuluka m'thumba la jekete. Ambiri anakopeka, poti mizu siifuna ndalama ya minibasi.

Powerenga, mbale ya Esinati inaposa ya mizu ndi njere zinayi zokha. A Dominic anadzambatuka.

"Dikirani, ine sindinaponye. Njere zanga khumi zili muno."

Anapisa m'thumba la kumanja, la kumanzere, la kumbuyo. Palibe. Koma ndevu zawo zinali zodzaza ndi timakoko tofiira ta mtedza.

"Amalume," anatero Esinati, "mavoti anu mwadya."

Anthu anagwa nazo m'mabenchi, mpaka mlembi wa kafukufukuyo anagwetsa cholembera. Funso la Esinati linapita ku likulu.

Inu amene mukusamala kholo limene lakuiwalani dzina, musagwe mphwayi, pitani nalo kuchipatala. Ndipo mukaitanidwa kukanena maganizo anu, yambani mwaponya, kenako muzitafuna.