Jekete la Amalume

Mdzukulu wanga Tadala akuti Loweruka akalandira chikho ku Boma chifukwa cha ndakatulo zake. Ndamuuza kuti asapondeko.

Ndili kamtsikana, amalume ankalakatula m'chigafa ife tikusoka fodya, zala zikumata ndi utomoni. Ankanena za njala ndi nkhanza za mabwana a esiteti. Ndiwonso anatiphunzitsa kulemba padothi.

Tsiku lina kunabwera galimoto ya amuna ovala masuti.

"Tiyeni, bambo, akuluakulu akufuna amveko mawu anu okoma aja."

Ine ndinalulutira, n'kuthamanga kukawatengera jekete lawo. Amayi anandimenya pakamwa. Ndinkayesa ndi nsanje.

Amalume sanabwerenso. Amene anakawaneneza anali mnzawo yemwe ankawomba m'manja kuposa tonse, ndipo tsiku lomwe tinalira maliro opanda mtembo, anakhala kutsogolo n'kuyambitsa nyimbo.