Tsiku Limene Ndinanyamuka Wapansi Kubwerera ku Limbe

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anasiya ntchito ku Limbe. Ndinali mu Sitandade 4. Iwo ankagwira pafakitale ina yopanga sopo, ndipo madzulo ankabwera akununkhira ngati zovala zochapa kumene, koma osayankhula ndi munthu. Ankangokhala pakhonde atagwira mutu. Tsiku lina anauza amayi kuti makina aja akumawamva akulira m'makutu ngakhale Lamulungu m'tchalitchi, ndiponso kuti atopa kuitanidwa ndi belu ngati mwana wasukulu. Amayi anayesa kuti ndi nthabwala. Mwezi usanathe tinali pamwamba pa lole, pakati pa matilesi ndi mapoto, ulendo wa kwawo kwa amayi kufupi ndi Chiringa.

Achibale sanamvetse. Munthu kusiya ntchito ya m'tauni n'kudzakhala mkamwini wolima nandolo? Amalume ankanong'ona kuti mwina anachotsedwa, koma akuchita manyazi kuulula. Ine zimenezo zinalibe nane ntchito. Chinkandiwawa n'chakuti kunalibe magetsi, kunalibe tchipisi cha pachiwaya, kunalibenso Memory, mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo. Ana akumudzi ankaseka nsapato zanga zapulasitiki, ndipo akafuna kundinena ankatembenukira ku Chilomwe, chimene ndinkangotolamo mawu apa ndi apo.

Loweruka lina m'nyengo yotentha, amayi atapita kuchigayo ndipo bambo ali kudimba, ndinamanga diresi langa la kutchalitchi m'kampango, ndinatenga chinangwa chophika chotsala, n'kunyamuka. Nzeru yanga inali yosavuta. Pobwera paja phiri la Michesi linali kudzanja lamanja, ndiye ndikaliika kumanzere n'kumangoyenda, ndikafika ku Limbe.

Chigwa cha Phalombe chikatentha chimakhala ngati chagona. Utsi wa m'minda yotenthedwa unali utaphimba Michesi, moti phirilo linkaoneka ngati likuyandama, lopanda tsinde. Nyenje zinkalira m'mitengo yonse mwakamodzi mpaka ndinasiya kuzimva. Kutsogolo kwanga, pamsewu, ndinkaona madzi akunyezimira. Ndikafika pamalopo ndinkapeza fumbi lokhalokha, madzi aja atasunthira patsogolo. Kavuluvulu anadzuka m'munda wina, ananyamula masamba ouma a chimanga n'kuwavinitsa m'mwamba, kenako anawasiya agwe pang'onopang'ono. Njinga zinkandidutsa zitasenza matumba a mpunga, eni ake akukankha ndi chifuwa. Mayi wina wosenza dengu anandifunsa komwe ndimapita. Nditayankha kuti ku Limbe, anangoti, “Ukawapatse moni,” n'kupitirira akuseka.

Phiri silinkasuntha. Ndinayenda mpaka zala zinatupa m'nsapato, koma ilo linali pomwepo, likundiyang'ana. Ndinafika pamtsinje wina wouma pomwe panali mkuyu waukulu. Mchenga wa pansi pake unali wozizira ngati mtsuko. Ndinati ndipume pang'ono. Ndinalota ndili m'basi yopanda denga, ikuyenda pamwamba pa minda ya mpunga, Memory ali kondakitala.

Nditadzuka, mthunzi unali utatalika, ndipo bambo anali atakhala pambali panga akusenda nzimbe. Njinga anali ataitsamiritsa pamkuyu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti anatsata mapazi anga m'fumbi, poti m'mudzi monsemo nsapato za timizeremizere tija zinali zanga zokha. Ndinadikira mbama. Siinabwere.

“Mwafika pati, mayi?” anandifunsa.

“Ndikupita ku Limbe.”

“Njira yake ndi yomweyi. Koma idyani kaye.”

Tinatafuna nzimbe. Madzi ake ankatsikira m'zigongono, nyerere n'kumasonkhana pazotafuna zimene tinkalavula. Kenako ndinafunsa funso limene akuluakulu onse ankalizungulira.

“Ababa, tinachokeranji?”

Anapukuta mpeni pabuluku.

“Tsiku limene unabadwa ndinali kuntchito,” anatero. “Kuti wayamba kuyenda ndinachita kuuzidwa ndi amayi ako. Ndinkachoka uli mtulo, kubwera mutu ukulira. Ndinaona kuti tsiku lina ndidzangomva kuti wakwatiwa.” Anayang'ana kuphiri. “Sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Mvula ikavuta tigona ndi njala. Ngati kuno kwakukanika, ndikuperekeza, ukakhale kwa azakhali ako ku Limbe. Sindikukwiyira.”

Anaimirira, n'kuikokera njinga pamsewu, osailozetsa uku kapena uko. Ankadikira ine. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akudikira yankho la mwana chonchija, ndipo ndinachita mantha kuposa mmene ndikanaopera mbama. Ndinayang'ana njira ya ku Limbe, ndinayang'ana ming'alu ya kuzidendene zawo, imene m'tauni analibe.

“Lero ndatopa,” ndinatero. “Ndipita mawa.”

“Chabwino, mawa.”

Anandikweza pakaliyala. Dzuwa linali litafiira, ng'ombe zikubwerera m'fumbi lagolide, ndipo kamphepo kochokera kunyanja ya Chilwa kanayamba kuuzira. Ndinatsamira tsaya pamsana pawo. Ankanunkha thukuta ndi utsi. Tili pakati pa njira ndinamva msanawo ukunjenjemera, ndipo ndinazindikira kuti akuimba chapansipansi, nyimbo ya Chilomwe imene sindinkaidziwa. Kufikira tsiku limenelo sindinkadziwa kuti bambo anga amatha kuimba.

Sindinganame kuti moyo wa kumudzi unali wofewa. Zinalipo zaka zimene tinadya makaka, chinangwa chouma chija, mpaka mvula yotsatira, ndipo chaka china madzi osefukira anakokolola dimba lonse. Ndinalimbikira sukulu kuti ndithawe khasu, ndipo ndinalithawadi. Lero ndili ku Lilongwe, ndili ndi ofesi yozizira ndi kagalimoto kongongola. Ndimachoka ana asanadzuke, ndimathera madzulo pamzere wa magalimoto, ndipo tikakhala patebulo aliyense amaweramira foni yake. Zonse zimene ndinkazilira ndili mwana ndinazipeza, koma masiku ena ndimaimika galimoto pageti n'kukhala momwemo, osadziwa chimene chandilemera.

Kumudzi nakonso kwasintha. Pa Chiringa pali njinga zamoto zosawerengeka, timasola ta magetsi pamadenga ambiri, ndipo anyamata akakhala pagolosale nkhani yawo ndi ya ku Joni. Aliyense akufuna kukhala kwina.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona bambo. Akalamba, maso ayamba kuchita nkhungu. Ndinawapeza pamkeka akusola nandolo, ndipo ndinakhala pansi kuwathandiza.

“Nanga kutauniko unachipeza chimene unkafuna?” anandifunsa.

“Sindinachipeze, ababa. Nanga inu kuno?”

“Chonse ayi,” anatero. “Koma nthawi yochifunafuna ndinali nayo.”

Tinapitiriza kusola. Foni yanga inalira m'chikwama, inaliranso, kenako moto unathamo. Mng'ono wanga anabwera kudzafunsa ngati akaitchajitse kwa aneba. Ndinamuuza kuti aisiye, abweretse lichero lina.