Ng'ona ya m'damu la pa esiteti

Kwathu ndi ku Nathenje, koma nditakwatira ndinakakhala chikamwini kumudzi kwa akazi anga, kumwera kwa Mitundu. Inali nthawi imene tinali titangovota kumene pa chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndipo anthu ankayang'anabe mlendo aliyense ndi diso lofunsa kuti anavotera ndani.

Mudziwo unachita malire ndi esiteti ya fodya. Pakati pake panali damu limene eni esiteti anatseka pa kamtsinje kothira mu Diamphwe. Matenanti ankatungamo madzi othirira nazale, amayi a m'mudzi ankachapa kumtunda kwake, ndipo ziweto zinkamwa kumunsi, pamene gombe linali lotsetsereka bwino.

Chimanga chitauma m'minda, mbuzi za alamu anga, achimwene awo a akazi anga, zinayamba kusowa. Zinkatuluka m'khola m'mawa zonse, madzulo n'kubwera zoperewera. Akanakhala fisi tikanapeza magazi kapena chikopa patchire, koma panalibe kanthu. Ine ndinali ndi njinga, ndipo masiku a msika ndinkapita ku Mitundu kukagulitsa tomato. Tsiku lina alamu anandipeza ndikupopa tayala.

"Alamu, dzulo munali ku Mitundu?"

"Ndinali komweko."

"Anyamata a chiwaya aja ali bwanji? Ndamva kuti nyama ya mbuzi siikusowa masiku ano."

Anayankhula akumwetulira, koma maso awo anali pa dengu la pa njinga yanga. Madzulo ake akazi anga anandifunsa motsitsa mawu ngati panali chimene ndinkawabisira. Zinandipweteka kwambiri. Mkamwini sakangana ndi eni mudzi, choncho ndinaganiza zomugwira ndekha wakubayo.

Ndinayamba kutsatira mbuzi masana, n'kumakhala pa chulu china choyang'ana kudamu. Munthu woyamba kumukayikira anali tenanti wina wamkulu msinkhu, wakuda bii, amene anthu ankati ndi wa ku Nsanje. Katungidwe kake ka madzi kanali kachilendo. Anzake ankalowa m'madzi mpaka m'mawondo, koma iye ankamangirira ndowa ku nsungwi yaitali n'kutunga ataima patali. Sankatunga pamalo amodzi kawiri, ndipo asanatunge ankaima nthawi yaitali akuyang'ana kumene kunkamwa ziweto. Ndinati mumtima, ameneyu akusankha mbuzi yonona.

Ndinkaganiza kuti sandiona. Koma tsiku lina anatula ndowa n'kubwera molunjika pachulupo.

"Achimwene, mwakhala mukundilondalonda. Ngati mukufuna wakuba mbuzi, ali m'madzimo. Tiyeni mukaone."

Ndinamutsatira ndili ndi chikwanje m'manja. Pa matope a kuseri kwa bango anandilozera mzere wokhotakhota, ngati wina wakoka mtengo, ndi mapazi a zala zotambalala mbali zonse ziwiri.

"Uwu ndi mchira," anatero. "Ng'ona imeneyi siinakule kwambiri. Iyenera kuti inakwera ndi madzi osefukira."

Ndinamuuza kuti kuno kulibe ng'ona, ndipo ikanakhalamo ikanagwira kale tenanti wina.

"Ilibe changu," anayankha. "Chakudya chake cha masiku onse ndi milamba, ndipo m'damu muno ilimo yambiri. Imadyanso achule, nkhanu, abakha a m'madzi. Ikakhuta imatha masiku ambiri osafuna kanthu. Koma maso ake sagona. Imaona kuti mbuzi zimabwera dzuwa likafika apa, zimamwa apa. Mawa imasendera pang'ono. Mkuja imasenderanso. Tsiku logwira imakhala itamira pamalo pomwepo, mphuno zokha zili kunja ngati kachitsotso."

Anati ng'ona siitafuna. Ikagwira chinthu imachikokera pansi mpaka chitsamwe ndi madzi, kenaka imadzigubuduza kuti mwendo uthothoke, n'kutukula mutu kumwamba n'kumeza. Chotsala imachipanikiza mu mizu ya pansi pa gombe. Anafotokoza zonsezi mosathamanga, ngati munthu akufotokoza khalidwe la m'bale wake, ndipo zimenezo zinandichititsa nthumanzi kuposa mapaziwo. Ndinamufunsa kuti bwanji sanachenjeze anthu.

"Anzanga a pa esiteti ndinawauza, anandiseka. Kumudzi kwanu sindingayerekeze. Munthu wa kwathu akatchula ng'ona, anthu amati ndi yake."

Sindinamukhulupirire kwenikweni. Ndinaganiza kuti mapazi munthu angathe kuwajambula ndi ndodo. Choncho ndinauza alamu za ng'onayo, n'kuwapempha kuti tipite tonse, akaone okha. Anabwera monyinyirika, n'kukhala pachulu patali nane pang'ono. Masiku oyamba sitinaone kanthu, ndipo alamu ankangoti, "Ng'ona yanu ija yapita kumsika lero?"

Kenaka linafika tsiku lotentha, dzuwa lili paliwombo. Mbuzi zinatsika kukamwa, ndipo galu wa alamu, wofiira, amene ankayenda nazo nthawi zonse, analowa m'madzi miyendo yakutsogolo. Madzi anali zii. Panali kanthu kakuda koyandama pafupi ndi bango, kamene ndinakaona koma sindinakasamale. Mwadzidzidzi madzi anaphulika. Galuyo analira kamodzi kokha. Tinaona msana wamaangamaanga ukutembenuka, mimba yoyera n'kuonekera, kenaka madzi anatsekeka. Mbuzi zinabalalika, ndipo patangopita kanthawi damu linakhalanso bata, matope okha akukwera pamwamba.

Alamu anaimirira. Ndinkayembekezera kuti anena mawu ondipepesa. M'malo mwake anandifunsa kuti, "Anakuuzani ndani kuti tidikire malo amenewa, nthawi imeneyi?"

Ndinawauza. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ine ndinabadwira pano. Damuli analikumba ndikuona. Ng'ona yabwera chaka chimene wabwera munthu ameneyu, ndipo akudziwa pamene imagona, chimene imadya, ngakhale nthawi imene imadya. Inu mukuona bwanji?"

Pofika Lamulungu nkhani inali itafala mpaka kutchalitchi. Ena ankati tenanti uja anabwera nayo ng'onayo m'thumba la feteleza ili yaing'ono ngati buluzi. Ena ankati imamugwirira nyama, iye n'kumakatenga. Mayi wina analumbira kuti anamuona akuyankhula ndi madzi. Panalinso ena amene ankalowetsapo za chisankho, kuti anthu a kummwera apambana boma, tsopano akufuna ndi ziweto zomwe. Amayi anasiya kumugulitsa masamba, ndipo akadutsa m'mudzi popita ku chigayo, ana ankaitanidwa kulowa m'nyumba. Ngakhale zinali choncho, malangizo ake onse tinawatsata. Tinatchinga ndi minga pamalo pomwera paja, ziweto tinkazimwetsa m'mabeseni, ndipo amayi anayamba kuchapira kutali ndi gombe. Mbuzi zinaleka kusowa.

Tenanti uja ndinakumana naye komaliza pa njira ya ku Mitundu. Ndinatsika njinga kuti ndimupatse moni, koma ndinayamba ndayang'ana ngati pali wotiona.

"Mwamva zimene akunena?" ndinamufunsa.

"Ndamva. Mkazi wanga woyamba anagwidwa ndi ng'ona mu Shire akutsuka mbale. Tinangopeza chitenje. Mukuganiza kuti ndingawete chinthu chimenecho?"

Maso ake anali ouma, ndipo ndinalephera kudziwa ngati anali maso a munthu amene analira kale mokwana kapena a munthu wozolowera kufotokoza nkhaniyo.

Mvula yotsatira inavuta. Fodya anapserera, damu linaphwa mpaka kutsala chithaphwi cha matope, milamba ikuphiriphitha, anyamata akuigwira ndi manja kumphepete. Matenanti ambiri anathetsa ntchito nthawi isanakwane, ndipo lole inabwera kudzawatenga, bambo uja ali m'gulu lomwelo. Sabata yomweyo amayi opita kokatola nkhuni anapeza mzere wa mchira ukutuluka m'damu, kudutsa m'munda wa mtedza, kulowera kukhwawa lopita ku Diamphwe. Amuna anafufuza matope aja ndi mikondo, osapeza kanthu.

Kwa alamu nkhani inathera pomwepo: mwini wake wapita, chiweto chamutsatira. Ine ndinanena kuti nyama ya m'madzi ikaona madzi akutha imasamuka, koma palibe amene anandimvera, ndipo akazi anga anandipempha kuti ndisamaikire kumbuyo munthu wachilendo pagulu. Mvula itabwereranso ndinapempha kwa akuluakulu a mbumba kuti nditenge banja langa tikakhale ku Nathenje. Anavomera mosavuta, ndipo alamu anatithandiza kunyamula katundu mpaka pamsewu.